Kompyuta ya Achimwene Itasiya Kulankhula

1. Kanthu kosayaka

Ku Area 25, chakumtunda kwa msika wa Nsungwi, kunali nyumba imene anthu odutsa ankachepetsa liwiro akafika pa zenera lake. Mkatimo munkamveka mawu a mzungu wolankhula mothamanga ngati wachedwa basi, koma m'nyumbamo munalibe mzungu aliyense. Inali laputopu ya Chawanangwa Msiska.

Chawanangwa anasiya kuona ali mu Sitandade 2. Laputopuyo anamukonzera mphunzitsi wake wa kusekondale. Simunali Windows imene ambiri amaidziwa. Munali Linux, pamodzi ndi pulogalamu yowerenga mokweza chilichonse chimene iye walemba kapena watsegula. Sikirini yake inali yakufa, yakuda bii, ndipo mwini wakeyo ankaseka kuti n'chifukwa chake palibe amene ankabwera kudzaibwereka.

Mlongo wake wamng'ono anali Tusekele, mtsikana wa Fomu 3, wa m'kalabu ya makompyuta kusukulu kwawo. Anali wa mtima wabwino, zimenezo palibe angatsutse, koma ubwino wakewo unali wa phuma. Ukangonena kuti uli ndi ludzu, iye amakhala atakufikitsira kale kapu pakamwa.

Sabata imeneyo m'nyumbamo munalibe mtendere. Loweruka m'mawa Chawanangwa anali ndi mayeso a ntchito. Kampani ina ya mu tauni, yoyankha mafoni a makasitomala, inkafuna anthu, ndipo mayeso ake anali a pa intaneti: aliyense pa kompyuta yake, kamera itayatsidwa, ali yekha m'chipinda. Chimalizireni Fomu 4, aka kanali koyamba kuti amuitane. Kwina konse ankangomva kuti saona, n'kumuuza kuti adzamuimbira.

Intaneti inalipo. Mayi Lydia, oyandikana nawo nyumba, anali ndi wayifayi ndipo anamupatsa pasiwedi, poti bandulo ya pafoni sikanapirira mayeso a kanema. Koma Lolemba wayifayi ya mkati mwa laputopu inangofa yokha. Bambo awo, amene ankagwira ntchito ku Kanengo, anagula kanthu kangati flashi kobaya pa USB, kamene ogulitsa amati adaputa. Wogulitsayo anakayesa pa kompyuta yake, kanayaka. Kunyumba kanakana. Laputopu inkangonena kuti mwalowa chimbale, basi.

Chawanangwa analimbana nako mpaka kutopa. Anaimbira mphunzitsi wake uja, koma anali ku maliro kwawo ku Chitipa ndipo foni sinkalowa. Lachisanu linawapeza adaputa isanayakebe.

Masana a tsikulo Tusekele anauza amayi ake kuti akufuna kutengera laputopuyo kwa Kings, wokonza mafoni ndi makompyuta pafupi ndi siteji ya minibasi. Mayi Msiska anaimitsa makina awo osokera n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Tusekele, ndikudziwa kuti ukufuna zabwino," anatero. "Koma kompyuta ija si wailesi ya pabalaza yoti aliyense azipotokola. M'menemo achimwene ako amadziwa pamene pali chinthu chilichonse, mmene amadziwira pamene pali mpando m'nyumba muno. Ukaitengera kwa munthu wosadziwa zimenezi, adzakonza chimene iyeyo akuona kuti chawonongeka, osati chimene chavuta mwini wake. Ngati uli ndi nzeru ina, kawauze. Akalola, pitani nonse awiri. Akakana, zisiye."

Tusekele anayankha kuti wamva, ndipo anamvadi, koma ndi khutu limodzi. Ankadziwa kuti achimwene ake akana. Choncho atangotuluka ndi ndodo yawo kupita ku kwaya, amayi nawo atapita kukapereka mayunifomu amene anasoka, iye anakulunga laputopu ndi chitenje, naiika m'chikwama cha kusukulu.

2. Pa benchi ya Kings

Kings sanali munthu woipa. Anali mnyamata wachangu, wa nthabwala, ndipo theka la mafoni a ku Nsungwi anali atadutsa m'manja mwake. Kontena yake inali yodzaza ndi zingwe, mabatire otupa ndi makasitomala odikira.

Ataona sikirini yakufa ija, analumikiza laputopuyo ku sikirini yake ya pakhoma n'kuiyatsa. Nthawi yomweyo mawu aja anayamba kuthamanga. Anthu anaseka, wina n'kufunsa ngati muli munthu mkatimo. Kings anapisa dzanja m'kachitini, natulutsa kamutu ka mahedifoni kodula chingwe, n'kukabaya m'mbali mwa laputopu. Mawu anathera pomwepo. Anati amatero ndi makina onse osokosera.

Anabaya adaputa pa kompyuta yake, inayaka. Anaibaya pa ya Chawanangwa, zii. Anasintha pobaya, zii. Kenako anakanda m'mutu.

"Sisi, adaputa ili bhobho. Vuto ndi sisitimu iyi. Izi ndi za mainjiniya, ife kuno sitidya nazo. Tiifomate, tiike Windows, igwira pompopompo."

Tusekele ankadziwa kufomata. Ndiko kufufuta zonse n'kuyambira pachiyambi. Kings anamulimbitsa mtima kuti mafayilo a achimwene ake awasungira pa flashi, palibe chitayike. Polankhulapo n'kuti atabaya kale flashi yake yoikira Windows n'kuyatsanso makinawo. Pa sikirini ya pakhoma panabwera funso lofuna kudziwa ngati zonse zifufutidwe. Chala cha Kings chinali pamwamba pa batani, chikudikira mawu a mwini katundu.

Mtsikanayo anafunsa ngati kompyutayo idzalankhulabe. Kings anayankha zoona. Anati anamvapo kuti ya pa Windows yolankhula iliponso, koma iye sanaiikepo. Angaifufuze, ndipo mabatani ake mwina akhala ena, koma mwini wake azolowera.

"Mayeso ndi mawa m'mawa," anatero Tusekele.

"Ndiye sankha, sisi. Ukufuna intaneti kapena ukufuna mawu?"

Kumbuyo kwake mayi wina anadandaula kuti akuchedwa. Mnyamata wina anauza Tusekele kuti angovomera, poti Kings sanawonongepo katundu wa munthu. Mtsikanayo intaneti anaifunadi, ndipo anafunanso kuti madzulo ano alowe m'nyumba ngati munthu amene wapulumutsa banja.

Anaweramitsa maso n'kuyang'ana kiyibodi. Zilembo zambiri zinali zitafufutika ndi zala. Pa mabatani ena panali timadontho ta guluu touma, timene achimwene ake anadontheza okha kuti zala zizipeza njira. Iye anali asanationepo, ngakhale ankadutsa pa tebulo lija tsiku ndi tsiku.

"Zulani flashi yanu, aKings," anatero ndi mawu otsika. "Si yanga kompyutayi."

Kings anakweza mapewa, nazula flashi, nazimitsa makinawo. Sanamulipiritse kanthu. Anangomuuza kuti akasintha maganizo amupeza pompo mpaka dzuwa kulowa, kenako anaitana wotsatira.

3. Chete

Tusekele anabwerera chothamanga, akuganiza kuti aibwezera pamalo pake wina asanadziwe. Tsoka ilo, tsikulo wophunzitsa kwaya sanabwere ndipo anthu anabalalika msanga.

Anapeza Chawanangwa atakhala pa mpando wake, manja onse awiri atawayala pa tebulo, pamalo penipeni pamene laputopu inkakhala. Sanatembenuke. Mapazi a mlongo wake ankawadziwa.

"Inali kuti?"

Mtsikanayo anafotokoza zonse, mawu akuphunthwa okhaokha. Anabwereza kawiri konse kuti sanalole kuti ifomatidwe. Chawanangwa anangotambasula manja, Tusekele n'kumuikira laputopuyo.

Anaitsegula n'kudina batani loyatsira. Kafani ka mkati kanayamba kulira. Anadikira moni amene makinawo ankamupatsa nthawi zonse, koma sanabwere. Anadina mabatani odzutsira mawu, chete. Anakweza voliyumu, chete. Anazimitsa, nayatsanso, nadikira, khutu atalipendeketsa. Panalibe kanthu.

Tusekele anasuzumira pa sikirini, ngati kuti lero lokha ingamuchitire chifundo. Inali yakuda bii. Apa m'pamene anazindikira kuti popanda mawu aja, iyenso ndi maso ake awiriwo sangaone chilichonse m'kompyutamo. Mwina chala cha Kings chinali chitadina kale. Mwina zonse zinali zitapita.

"Tuse, wandichita chiyani?" anafunsa Chawanangwa. Sanakalipe, ndipo chikanakhala bwino akanakalipa. Mawu ake anali a munthu wotopa.

Mtsikanayo analira. Analira ndi manyazi, komanso ndi chisoni chenicheni, poona zala za achimwene ake zikusakasaka pa kiyibodi. Amayi analowa nthawi yomweyo, naima pakhomo ndi chikwama chawo, osafunsa kanthu. Zonse zinali zoonekeratu.

Kenako Chawanangwa anasiya mabatani. Anayamba kupapasa m'mbali mwa laputopu pang'onopang'ono, dzenje ndi dzenje, kuyambira kumanzere. Chala chake chinaima. Anatsina kanthu kena n'kukazula.

Mawu aja anatumphuka pakati pa chiganizo, akuthamanga monga mwa masiku onse. Pa chikhatho cha Chawanangwa panali kamutu ka mahedifoni kaja. Kings anali ataiwala kukachotsa, ndipo Tusekele, amene anaona kakubayidwa ndi maso ake, anali atakaiwala nayenso. Palibe anaseka. Chawanangwa anayendayenda m'mafayilo ake, napeza zonse zili m'malo mwake, ndipo anapumira m'mwamba.

4. Mawu a amayi

Mayi Msiska anaika chikwama pansi n'kukhala pa bedi. Atamva kwa Tusekele zonse zimene zinachitika kwa Kings, anamuuza kuti apukute misozi, chifukwa munthu wolira samva bwino.

"Mwana wanga, pa zinthu ziwiri zimene wachita lero, chimodzi ndakondwa nacho. Unakana pamene anthu onse ankakuuza kuti uvomere. Si ana ambiri angathe zimenezo, ndipo sindidzaiwala. Koma kukana kumeneko sikufufuta choyamba chija. Unatenga chinthu cha munthu mwini wake asakudziwa. Akanakhala kuti amaona, ukanatero? Ukanalowa m'chipinda cha bambo ako n'kutenga zida zawo za ku ntchito kuti ukawakonzetsere? Sukanayerekeza. Ndiye chifukwa chiyani kwa achimwene ako zinakupepukira?"

Amayiwo anapitiriza.

"Ndikuuze chimene ndaona zaka zonsezi ndikuyenda nawo m'misewu ya mu Lilongwe muno. Anthu ankhanza si ambiri. Ambiri ndi achifundo, ndipo achifundowo ndi amene amawatopetsa. Wina amawagwira mkono n'kuwawolotsa msewu umene sankafuna kuwoloka. Wina amandifunsa ine ngati amamwa tiyi wa shuga, eni ake ali pomwepo. Onsewo amapita kwawo akusangalala kuti achita zabwino. Palibe amene anayamba wafunsa. Thandizo losafunsa limamulanda munthu chinthu chimodzi chimene watsala nacho, ndicho kunena yekha za moyo wake. Iwe ndiwe mlongo wawo. Anthu a mumsewu akhoza kulakwitsa zimenezi, koma m'nyumba muno ayi."

Atatero ananyamuka n'kupita ku khitchini, kusiya ana awiriwo okha.

Tusekele anapepesa, Chawanangwa n'kugwedeza mutu pang'ono, kusonyeza kuti wamva koma mtima sunatsike. Kenako anafunsa chimene Kings anapeza. Mtsikanayo anati adaputa ndi yamoyo, chifukwa pa kompyuta ina inayaka. Anawonjeza, mwamantha, kuti ku kalabu aphunzitsi anawauzapo kuti makina sawaganizira, amawafunsa chimene akuona.

"Ine ndili ndi foni, nditha kufufuza n'kumawerenga," anatero. "Kiyibodi sindiikhudza. Mungalole kuti tiyesere limodzi, achimwene?"

Mtsikanayo anayamba kubwerera chakukhomo. Koma Chawanangwa anakoka kampando ndi phazi, n'kukakankhira pambali pake.

5. Nambala pa chikhatho

Masiku onsewa Chawanangwa ankafufuza pa foni yake ndi dzina lolembedwa pa katoni ya adaputa, limene bambo ake anamuwerengera. Tusekele atafufuza pa foni anapeza anthu ena akuchenjeza kuti dzina la pa katoni n'losadalirika. Makatoni awiri akhoza kufanana ndendende, koma zamkati mwake n'kukhala zosiyana. Chofunika n'kuifunsa kompyuta ndi lamulo lakuti lsusb, lomwe limatchula zonse zobayidwa pa USB pamodzi ndi nambala zake.

Chawanangwa analemba lamulolo. Mawu anathamanga n'kutha Tusekele asanatolepo kanthu. Anadandaula kuti chilankhulo chimenecho n'cha achimwene ake okha ndi mbalame. Mnyamatayo anamwetulira koyamba tsiku limenelo, nachepetsa liwiro la mawuwo mpaka mzungu uja anayamba kulankhula ngati wangodzuka kumene.

Mizere inali ingapo, ndipo sanadziwe kuti wa adaputa ndi uti. Chawanangwa anauza mlongo wake kuti aizule. Analembanso lamulo lija, namvetsera mzere umene wasowa. Ataibwezera, mzerewo unabweranso. Tusekele analemba nambala yake pa chikhatho ndi bolopeni.

Nambalayo ndiyo inawatsegulira njira. Anapeza kuti anthu a m'maiko akutali anavutikapo ndi kanthu komweko. Kakangobayidwa kamayamba kadzionetsa ngati chimbale chosunga mapulogalamu a pa Windows, ndipo kamasanduka wayifayi pokhapokha kompyuta ikauzidwa kuti itulutse chimbalecho. Chawanangwa anaomba m'manja kamodzi. Sabata yonse makinawo ankamuuza zoona kuti mwalowa chimbale, iye n'kumaganiza kuti asokonezeka mutu.

Anachitulutsa chimbale chabodzacho, nafunsanso ndi lsusb. Nambala inali itasintha. Tusekele analemba yatsopanoyo pa chikhatho chinacho. Koma nyale ya adaputa sinayakebe.

Chotsala chinali kapulogalamu kotchedwa dilaiva, kophunzitsa kompyuta kulankhulana ndi chipangizocho. Kanali pa intaneti, ndipo intaneti ndi imene ankaifunayo. Tusekele anaseka kuseka kwa munthu wogwira njakata. Koma anakumbukira kuti foni itha kugawira kompyuta intaneti kudzera pa chingwe chotchajira. Bandulo yake inali yochepa, koma ya kapulogalamu kamodzi inakwanira.

Apa phuma lake linadzukanso. Anapeza lamulo lalitali limene munthu wina analemba n'kunena kuti limathetsa zonse nthawi imodzi, ndipo anayamba kuliwerenga mofulumira. Chawanangwa anachotsa manja pa kiyibodi.

"Limachita chiyani?"

"Akuti limagwira."

"Sindinafunse zimenezo. Wolembayo sitikumudziwa, ndipo mawa sadzakhala pano. Chimene sindikuchimvetsa sindilemba."

Zinamutopetsa Tusekele, koma anamvera. Analiphwanya lamulolo mawu amodzimodzi, akufufuza tanthauzo la lililonse. Chigawo china chinali chochotsa madilaiva ena m'kompyuta, ndipo anachisiya. Anatsata malangizo ena aafupi, omveka, a nambala yawo yeniyeniyo. Makinawo anakoka zofunika, nagwira ntchito yake kanthawi, Chawanangwa n'kuwazimitsa ndi kuwayatsanso.

Kanyale kabuluu kanaphethira pa adaputa.

"Yayaka," ananong'ona Tusekele.

Chawanangwa anafunsa mmene ikuonekera. Mlongo wake anati ndi kanyale kakang'ono ngati kambewu ka mapira, kakuphethira mosalekeza. Iye anaikapo chala, ngakhale panalibe choti amve.

Kenako kompyuta inayamba kutchula mawayifayi a m'dera lonselo. Mzungu uja, ndi lilime lake lolemera, anawerenga kuti Gula Yako, kenako Osapempha Pasiwedi, kenako Yehova Ndi Mbusa. Amayi ku khitchini anaseka mpaka kutsokomola. Ya Mayi Lydia inabwera pomalizira, yofooka, ikubwera n'kumasowa.

Tusekele anapempha chilolezo, nathamangira kwa Kings dzuwa lisanalowe kukabweza kamutu kaja ndi kubwereka chingwe chotalikitsa USB. Kings atamva kuti adaputa yayaka popanda kufomata, anati tsiku lina adzamuonetse mmene anachitira. Tusekele atabwerera kunyumba anamangirira adaputayo ku chitsulo cha pa zenera, ndipo intaneti inagwira bwinobwino. Bambo awo pobwera ku ntchito anapeza anthu akudya akuseka.

6. Pa mgolo

Loweruka kunacha kotentha, monga mmene Okutobala amachitira. Bambo analawirira ku ntchito atamupempherera mwana wawo. Chawanangwa anavala malaya oyera ndi tayi, nakhala pa tebulo nthawi isanakwane. Atayatsa laputopu, kanyale kanaphethira, mawayifayi ena onse anatchulidwa, koma ya Mayi Lydia panalibe.

Tusekele anatuluka panja n'kupeza chifukwa chake. Pakati pa nyumba ziwirizo panali pataima lole yaikulu yodzaza matumba a feteleza, yokutidwa ndi tenti. Mlamu wa Mayi Lydia anali ataiimika pamenepo m'mamawa n'kupita ku tauni ndi makiyi. Foni yake inkangoitana.

Tusekele anamasula adaputa pa chitsulo, naitulutsa pa zenera, nayesa uku ndi uku. Palibe. Anakwera pa mgolo wa madzi umene unali pansi pa zeneralo, nakweza mkono mpaka chingwe chinakungika. Adaputa itangopitirira msinkhu wa tenti ya lole, mkati munamveka mawu onena kuti intaneti yalumikizika. Atatsitsa mkono pang'ono, inaduka.

Amayi anathamangira kukafuna nsungwi yoti amangirirepo, koma nthawi inali itatha. Foni ya Chawanangwa inalira kumukumbutsa kuti mayeso akuyamba.

Tusekele anaima pa mgolopo, mkono uli m'munsi. Ankadziwa chimene akanatha kuchita, koma anadikira.

"Tuse," anaitana Chawanangwa kudzera pa zenera. "Mayesowa ndi aatali, ndipo dzuwa ndi limeneli. Sindingakukakamize. Koma ndikukupempha, undigwirire."

Mtsikanayo anamva chimwemwe, ndipo sanachibise. Anakweza mkono, kanyale kanaphethira, intaneti inabwerera. Amayi anamuponyera chitenje kuti afunde kumutu, natseka chitseko cha chipindacho, n'kukakhala pa khonde manja atapinda.

Mkati munamveka mawu a mayi wina wa ku kampani ija. Anapereka moni, nakumbutsa malamulo: kamera isazime, intaneti ikaduka mayeso athera pomwepo, ndipo wopezeka ndi munthu womuthandiza achotsedwa. Chawanangwa anavomera. Kenako kiyibodi inayamba kulira.

Inalira mokoma. Tusekele ankamva mafunso akubwera, achimwene ake akuyankha modekha, zala zikuthamanga osaphunthwa. Chivindikiro cha mgolo chinayamba kumuotcha kumapazi. Phewa linayamba kuwawa, kenako linachita dzanzi. Anachirikiza chigongono ndi dzanja linalo, naluma mano. Pena anamva mayi uja akuseka n'kunena kuti sanaonepo munthu wolemba mwachangu chotero.

Mkono utayamba kunjenjemera, anasuntha phazi kuti aime bwino, natsamira khoma pafupi ndi zenera. Chitenje chinatsetsereka n'kugwa.

Kiyibodi inasiya kulira.

"Bambo Msiska, taimani kaye," anatero mayi uja, ndipo kuseka kunali kutachoka m'mawu ake. "Munati muli nokha. Kamera yanu ikundionetsa munthu pa zenera kumbuyo kwanuko. Ameneyo ndi ndani, ndipo akuchita chiyani?"

Pa khonde amayi anaimirira. Tusekele anayang'ana kanyale kabuluu kali kuphethira pamwamba pa mutu wake. Akadumpha kuti abisale, intaneti iduka. Akakhala pomwepo, akumuona. M'chipindamo anamva mpando ukukhwekhwereza, achimwene ake akukonza pakhosi kuti ayankhe.

Tusekele sanatsitse mkono, ndipo kuyankhako anasiyira mwini wake.